Chisanu cha ku Shamva: mmene a kwathu a m'makomboni amadikirira tchuthi cha Ogasiti

Ku Shamva chisanu chimayamba kumveka mu Meyi, chimakula mphamvu mu Juni ndi Julaye, ndipo chikamati chizitsanzika, mphepo ya Ogasiti imakhala yafika kale ndi fumbi lake. Masana kumawala, kumwamba kuli mbee, koma dzuwa likangopendeka kuzizira kumatsika m'mapiri n'kudzagona m'zigwa za mtsinje wa Mazowe. M'mamawa madzi a mumtsuko amachititsa dzanzi m'mano. Ana a sukulu amatuluka m'komboni manja ali m'khwapa, miyendo yotuwa ngakhale amayi awo anaipaka mafuta, ndipo nkhani ya panjira imakhala imodzi: kwatsala masabata angati kuti titsekere?

Tauni ya Shamva ili m'chigawo cha Mashonaland Central ku Zimbabwe, mtunda wa makilomita pafupifupi 90 kumpoto chakum'mawa kwa Harare. Inakula chifukwa cha golide, ndipo yazunguliridwa ndi mafamu a chimanga, soya, thonje, fodya ndi tirigu wothirira. M'makomboni a mafamuwo ndi a pamgodi muli anthu amene mayina awo munthu wa ku Dedza kapena ku Katete sangawadabwe: a Phiri, a Banda, a Mbewe, a Mwale. Ambiri mwa iwo sanapondeko ku Malawi. Kuntchito ndi kusukulu amayankhula Chishona, koma agogo akakalipa, kapena ng'oma ikalira kudambwe, Chichewa chimatuluka chokha.

Teremu yachiwiri ya sukulu ku Zimbabwe imatha kumayambiriro kwa Ogasiti, ndipo ana amapuma mpaka kumayambiriro kwa Seputembala. Tchuthichi chimakumana ndi masiku awiri akuluakulu a dziko, Heroes' Day yomwe imakhala Lolemba lachiwiri la Ogasiti, ndi Defence Forces Day mawa lake. Sabata imeneyo mabasi ochoka ku Mbare mu Harare amadzaza mpaka pakhomo. Ashona amapita kumidzi kwawo kukaona makolo, kukavundukula ziliza, ndiponso kukachita mwambo wobwezera mzimu wa malemu pakhomo, umene iwo amati kurova guva. Munthu wa m'komboni amangowaona mabasiwo akudutsa. Iye kumudzi kwake n'komwe waimako. Abale ake a ku Harare ndi ku Bindura akati tikupita kwathu, amatanthauza komboni ya pafamu, mizere ya tinyumba ta zipinda ziwiri, mpopi umodzi ndi manda kuseri kwa mabulugama.

Nkhani yanga yagona pamenepo. Anthuwa anamanga mudzi pa nthaka ya eni, ndipo anaumanga ndi tinthu ta tsiku ndi tsiku timene wodutsa pamsewu sangatiwerengere: moto wa madzulo, mbatata ya m'phulusa, nthano za agogo, ng'oma ya Loweruka. Nyengo yozizira ndi imene tinthuti timaonekera bwino, chifukwa zokolola zimakhala zalowa, mvula ili kutali, ndipo anthu amakhala pamodzi kudikira kuti kufunde.

Mmene anafikira kuno

Njira ya ku Shamva inatsegulidwa ndi msonkho wa atsamunda. Anyamata a ku Nyasaland ankayenda pansi masabata angapo, kudutsa ku Tete, kuwoloka Zambezi, n'kulowa mu Southern Rhodesia cha ku Mutoko kapena ku Mount Darwin. Kwa olowera mbali imeneyo, migodi ndi mafamu a m'chigwa cha Mazowe anali malo oyambirira kupezako ntchito. M'zaka za m'ma 1930 boma la atsamunda linayamba kunyamula ofuna ntchito pa malole osalipira, mpaka ulendowo unangodziwika kuti Ulere. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha kunabwera bungwe lolemba anthu ntchito lomwe kwathu ankalitcha Mthandizi. Ena ankabwerera ndi njinga ndi bulangete. Ena sanabwerere, ndipo kumudzi anawatcha matchona.

Sanali anthu ongogwada. Mu Seputembala 1927, anthu pafupifupi 3,500 a pamgodi wa Shamva ananyanyala ntchito chifukwa cha malipiro ochepa, ndipo ambiri mwa iwo, kuphatikizapo otsogolera, anali ochokera ku Nyasaland. Boma linathetsa kunyanyalako patangopita masiku ochepa, koma olemba mbiri amakuika m'gulu la kunyanyala koyambirira kwakukulu kwa antchito akuda m'dzikomo.

Pofika chaka cha 2000 mafamu akuluakulu a ku Zimbabwe anali ndi antchito oposa 300,000, ndipo gawo lalikulu ndithu linali la ana ndi zidzukulu za anthu ochokera ku Malawi, Mozambique ndi Zambia. Boma litalanda mafamuwo n'kuwagawa, kafukufuku wa Lloyd Sachikonye wa mu 2003 anapeza kuti antchito amene analandirako malo sanakwane 5 mwa 100 aliwonse. Ambiri anatsala m'nyumba zomwe zija, akugwira ganyu kwa eni malo atsopano, ena akusaka golide m'mitsinje. Amene akuwotha moto wa chisanu chino ndi iwowa.

Kuyambira m'mawa

Tsiku la chisanu limayambira paphulusa. Mayi amafukula moto wadzulo, n'kupeza khala lomwe lagona usiku wonse osazima, n'kuliunjikira zitsononkho. M'miyezi imeneyi zitsononkho sizisowa chifukwa anthu amakhala akutonola chimanga, ndipo zimapulumutsa nkhuni, zomwe m'mafamu ambiri zinayamba kuvuta kuchokera pamene alimi ang'onoang'ono anachuluka kuwotchera fodya mitengo ya m'tchire. Madzi akawira amaponyamo masamba a Tanganda ndi shuga wa muyezo. Buledi ndi wa patsiku la malipiro. Mfumu ya m'mawa wa Juni ndi Julaye ndi mbatata.

Mbatata ya kuno imalimidwa pa mizere ya m'mphepete mwa minda ndi kuseri kwa komboni, timalo tomwe mwini famu sadandaula nato. Ikakumbidwa n'kukhala masiku angapo imatsekemera kwambiri, ndipo mayi aliyense amadziwa mtundu wofumbutuka ndi mtundu wa madzimadzi. Yophika imadyedwa ndi tiyi. Yokwirira m'phulusa ndi ya ana, amene amaiponya kuchoka dzanja ili kupita dzanja ilo popita kusukulu, kufunditsa zala asanaidye. Pakhomo pomwe pali agogo aakazi okumbukira za kwawo, mbatata imathiridwa nsinjiro n'kukhala futali. Tsiku lina amakanda ufa wa mgaiwa ndi soda ndi kashuga, n'kuphika chigumu mumphika, makala pansi makala pamwamba. Mwana woleredwa ndi chigumu chotere, ngakhale adzakhale ku Johannesburg, fungo lake saliiwala.

Dzuwa likakwera pang'ono, okalamba amatulutsa timipando n'kukatsamira khoma loyang'ana kum'mawa. Kuwothera dzuwa ndi ntchito ya anthu amene anagwira ntchito zawo kalekale. Pamenepo ndi pomwe pamakambidwa za mitengo ya feteleza, za amene wadwala, za mwana wa uje amene watumiza ndalama. Bawo amatuluka, kaya wosema kaya wongokumba pansi, ndipo mpikisano wake umatha mpaka mthunzi utasuntha. Amayi amakhala chapatali pamphasa, wina akusenda mtedza, wina akuluka chipewa cha mdzukulu, wina akusankha nyemba.

Kunena kuti ntchito yatha kungakhale kunama. Malamulo a fodya ku Zimbabwe amafuna kuti mapesi akale akhale atazulidwa pofika pa 15 Meyi, nazale isafesedwe pasanafike pa 1 Juni, ndipo kuwokera kusayambe pasanafike pa 1 Seputembala. Choncho miyezi yozizira ndi ya kuthirira nazale m'mamawa, madzi ali ngati akuluma. M'minda ya tirigu, yemwe amafesedwa cha mu Meyi, muli ganyu wosuntha mapaipi, nthawi zina usiku. Amayi amamweta udzu wofolerera, abambo amaumba njerwa, ndipo atsikana amakatenga dothi kudambo lozirira nyumba alendo a Ogasiti asanafike.

Ntchito imene imandikhudza kwambiri ndi kukunkha. Makina okolola akadutsa m'munda waukulu, pansi pamatsala zimanga zogwa ndi nyemba za soya zomwazika. Mwini munda akalola, amayi ndi ana amalowa ndi matumba n'kumatola chimodzichimodzi, msana uli wowerama kuyambira m'mawa. Kwa banja lopanda munda, thumba lokunkha ndi ufa wa masabata angapo. Chaka cha 2024, pamene chilala cha El Niño chinachititsa boma kulengeza mu Epulo kuti dziko lili pa ngozi ya njala, ngakhale zokunkhazo zinasowa. N'chifukwa chake chaka chabwino chikabwera, nkhokwe yaing'ono ya kuseri kwa nyumba imasangalatsa mayi kuposa mmene mlendo angaganizire.

Ndiwo za nyengoyi n'za kudimba ndi za m'chikwatu. Repu, mpiru ndi kovo zimakonda kuzizira, koma tomato wa m'dambo chisanu chimamuwaula usiku umodzi wokha. Mfutso wa khwanya ndi nkhwani umene unayanikidwa mu Malichi umatuluka tsopano, wotendera. Kapenta wa ku Kariba ndi wa apo ndi apo. Pamsewu pamakhala zidebe za masawu ochokera ku Muzarabani ndi ku Mount Darwin, malambe, nzimbe, ndiponso malalanje a ku Mazowe omwe amapsa nthawi yomweyi. Mwana akapatsidwa kandalama, kapu ya masawu imamukwanira tsiku lonse.

Anyamata ndi mbewa

Mukafunsa mnyamata wa zaka 11 chimene akudikirira tchuthi, sangakuuzeni za Heroes' Day. Akudikira mbewa. Minda ikayera, mbewa zimakhala zitanona ndi zotsalira za m'munda, ndipo anyamata amanyamuka m'magulu ndi makasu aafupi, agalu ali pambuyo. Pali luso lake. Amayang'ana una womwe uli ndi dothi latsopano, wina amakaima pa mbuli kuti zisathawire kumeneko, ndipo wamkulu pagulupo ndiye amapisa dzanja, atayamba watokosa ndi kamtengo poopa njoka. Ena amatchera maliwa madzulo n'kukawonjola mbandakucha, udzu uli wonyowa. Madzulo mbewazo amazitumbula, kuziwiritsa ndi mchere, kuziyanika pamoto, n'kuzipana pampani. Zina zimapita pa nsima, zina kumsewu kukagulitsa, ndipo ndalama yake imagula makope a teremu yachitatu.

Ashona nawonso amadya mbewa, ndipo kutchire mwana wa m'komboni ndi mwana wa mwini munda watsopano amakumba una umodzi osafunsana za makolo. Ubwenzi wambiri wa kuno unayambira kumeneko. Vuto lake ndi moto. Pofuna kuti mauna aonekere, ena amayatsa tchire, ndipo mphepo ya Ogasiti ikaugwira motowo umadya msipu, udzu wofolerera, nthawi zina ndi tirigu yemwe. Bungwe loona za chilengedwe la Environmental Management Agency limaletsa kuyatsa moto kutchire m'nyengo yachilimwe, ndipo limafuna kuti alimi alambule njira yotchinga moto yotambalala mamita 9. Mwana wa m'komboni akayatsa moto, mlandu suthera pa iye. Umagwera banja lonse, ndipo banja lokhala m'nyumba ya pafamu ya mwini likhoza kutaya ndi pogona pomwe. Amalume amene amaphunzitsa mphwawo kukumba mbewa ayenera kumulanda machesi asanamupatse khasu.

Pamoto

Mdima umagwa msanga, ndipo ikamakwana 6 koloko banja limakhala litazungulira moto. Magetsi m'makomboni ambiri anadulidwa kalekale kapena sanafikeko, ndiye kuwala ndi kwa motowo ndi katochi ka sola komwe kanatchajidwa padenga masana. Nsima ikadyedwa, pamoto pamakhalabe chiwaya. Amakazinga mtedza wothira mchere kapena chimanga, ndipo mwana amene walonda chiwayacho amadya kwambiri kuposa onse.

Nthawi ya sukulu ana amathamangitsidwa kukagona. Pa tchuthi amaloledwa kuchezera, ndipo agogo akati "Padangokhala," onse amayankha "Tili tonse," ngakhale amene Chichewa chawo chimathera pa moni. Kalulu wa agogo amakumana ndi Tsuro, kalulu wa Chishona wa m'buku la kusukulu, ndipo ana saona chachilendo. Nthano ikafika pa nyimbo, agogo satembenuza. Amaimba mmene anaimvera kwa amayi awo, ndipo adzukulu amavomera mawu amene tanthauzo lake adzalifunsa atakula.

Nthano zikatha pamabwera nkhani zenizeni, za ulendo wa atate awo a agogo, za kuwoloka Zambezi pabwato, za kapitawo wankhanza, za phoso la ufa, nyemba ndi mchere lomwe ankalandira pasabata. M'mabanja ena kwawo amakutchulabe ndi mayina amene anasiya atanyamuka: Fort Johnston, Port Herald, Fort Manning, Fort Jameson. Mdzukulu amadzazindikira mochedwa kuti amenewo ndi Mangochi, Nsanje, Mchinji ndi Chipata. Pamotopo ndi pomwenso mwana amauzidwa mfunda wake. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 2000, Robert Mugabe ananyoza anthu ochokera m'mayiko oyandikana nawo kuti ndi opanda mitupo, kutanthauza mifunda, ndipo mawuwo anapweteka anthu ambiri. Koma mwana amene agogo ake amamuthokoza kuti "Zikomo Phiri" kapena "Wakula Nabanda" akabweretsa madzi, amadziwa kuti kunyozako kunalibe maziko.

Chilankhulochi chili ndi malo ake m'malamulo. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a mu 2013 anaika Chichewa m'gulu la zilankhulo 16 zovomerezeka, ndipo wailesi ya National FM imaulutsa mapulogalamu ena m'Chichewa. Komabe ine ndimaona kuti chikanangodalira pepala ndi wailesi, bwenzi chitazilala. Chimene chachisunga ndi maola awiri kapena atatu a madzulo a chisanu, pamene agogo ali ndi omvera amene alibe kothawira chifukwa panja pakuzizira. Lero foni yalowa pakati. Mdzukulu amafuna kuonera makanema a pa WhatsApp, ndipo agogo ena amangokhala chete. Koma foni yomweyo ingathe kujambula mawu a agogo, ndipo banja lanzeru layamba kutero.

Mwana wa Shamva pa wailesi

Palibe komboni ya kuno yomwe singadzitame ndi Alick Macheso. Anabadwira ku Shamva mu Juni 1968, m'banja la antchito a pafamu lomwe mizu yake ili ku Malawi, ndipo anayamba kuimba ndi kabanjo kopanga yekha. Mu 1983 anapita ku Harare, kenako anadzalowa gulu la Khiama Boys la Nicholas Zakaria, yemwenso makolo ake ndi a ku Malawi. Atayamba gulu lake la Orchestra Mberikwazvo, chimbale chake cha Simbaradzo cha mu 2000 chinamuika pamwamba pa oimba sungura onse. Amaimba m'Chishona, koma Chichewa sanachisiye, ndipo mawu a Chichewa akamveka pakati pa nyimbo, amayi amene akutsuka mbale amakweza wailesi.

N'zofunika kuziganizira kuti chimbalecho chinatuluka chaka chomwe anthu a m'makomboni ankathamangitsidwa ndi kutchedwa obwera. Dziko lonse linkavina nyimbo za mwana wa m'komboni pomwe abale ake ankasowa kolowera. Mpaka lero, pa tchuthi, mudzapeza tianyamata titakhala pa chulu ndi gitala wa chigubu cha mafuta ndi mawaya, tikuyeserera kaimbidwe ka besi ka Macheso. Makolo awo sawaletsa. Akudziwa kumene chigubu chinafikitsa mnzawo.

Chonyaditsa china n'chatsopano. Timu ya Simba Bhora, yomwe bwalo lake ndi Wadzanai ku Shamva komweko, inatenga ligi yaikulu ya Zimbabwe mu 2024. Ligi imaseweredwa kudutsa miyezi yozizira, choncho tsiku la masewero abambo ndi ana awo amakwera malole ndi njinga kuchokera m'mafamu, atavala majuzi a pakaunjika, kukaonera matimu a ku Harare ndi ku Bulawayo akusewera pakhomo pawo. Osakwanitsa ya pageti amamvera pa wailesi, ndipo mawa lake mpira wa chikulunga pabwalo la komboni umakhala ndi osewera onse a dzulo.

Ng'oma, tsimba ndi manda

Loweruka kapena Lamulungu masana, makamaka kumapeto kwa mwezi, oimba ng'oma amakoleza moto wa udzu n'kuwamba ng'oma zawo, chifukwa chikopa chozizira sichilira. Mbalule ikayamba, komboni yonse imadziwa kuti gule watuluka. Ashona amati zvigure, ndipo ambiri amamuopa, koma amabwera kudzaonera. Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005 ngati chuma cha anthu onse, wakhala m'migodi ndi m'mafamu a Zimbabwe kwa mibadwo ingapo, ndipo magulu ake amapikisana nawo pa mpikisano wa magule wa Chibuku Neshamwari. Kumeneko ndi kwa mphotho. Gule wa pamaliro ndi wa pokumbukira malemu ndiye amene amagwira mtima, pamene amayi akuwomba m'manja ndi kuvomera nyimbo zomwe zinawoloka Zambezi pamodzi ndi makolo awo.

Tchuthi cha Ogasiti ndi nthawinso ya chinamwali. Ayao amatumiza anyamata ku jando m'nyengo yozizira, ndipo atsikana amalangizidwa ndi anamkungwi sukulu zisanatsegulidwe. Tsiku lotuluka kumakhala zovala zatsopano, mpunga, nkhuku ndi thobwa, ndipo banja limakhala litasungira tsikuli kwa miyezi kudzera m'magulu a chipereganyu. Miyambo imeneyi ndi imene inapatsa anthu opanda mfumu ndi mudzi njira yolerera ana pamodzi, ndipo ndimailemekeza. Pempho langa kwa anamkungwi ndi lakuti mtsikana wotuluka m'tsimba mu Ogasiti akapezeke m'kalasi mu Seputembala. Malangizo amene amamupangitsa kudziona ngati wakwana kukwatiwa ali ndi zaka 13 amulanda chinthu chimodzi chomwe chingamutulutse m'komboni.

Si onse a gule kapena a jando. Mpingo wa CCAP uli ndi sinodi yake ya Harare, yomwe inayambira pa ntchito yotsatira anthu a ku Nyasaland mu 1912, ndipo nyimbo za Chichewa zimaimbidwabe m'mapemphero ake. Misikiti ing'onoing'ono ya Ayao ilipo m'migodi ndi m'mafamu ambiri. Koma pa maliro onse amakumana, chifukwa mabungwe othandizana pa maliro ndi akale kwambiri pakati pa matchona. Munthu wofera kutali ndi kwawo ankafunika anthu omuika.

N'chifukwa chake sabata ya Heroes' Day, pamene anansi apita kumidzi, a m'komboni amatenga makasu n'kupita kumanda a pafamu kukalambula. Amene wapeza ndalama amamanga chiliza cha atate kapena amayi ake, amafulula mowa, n'kuitana abale. Mandawo ali pa malo amene lero ali ndi mwini wina, ndipo pena pamafunika kupempha chilolezo kuti munthu akaone pomwe panagona womubala. Akulu anati mlendo ndi mame, koma anthu amene ali ndi mibadwo itatu kapena inayi m'nthaka imeneyi anasiya kalekale kukhala alendo.

Zimene zimadetsa nkhawa

Chisanu chili ndi misampha yake. Usiku wozizira kwambiri anthu amalowetsa mbaula m'nyumba n'kutseka chitseko ndi mawindo, ndipo mpweya wa makala, umene sununkha, umapha anthu ali m'tulo. Mbaula ifunditse chipinda anthu ali maso, kenako ituluke. Ana ang'onoang'ono amapsanso kwambiri m'miyezi imeneyi, pogwera pamoto kapena kudzikhuthulira madzi a tiyi.

Msampha wina ndi golide. Mtsinje wa Mazowe ndi mapiri ozungulira Shamva adzaza ndi okumba golide amene amatchedwa makorokoza, ndipo mnyamata wa ku sekondale akaona mnzake ali ndi madola m'thumba, tchuthi chimathera kumaenje. Amanena kuti akufuna ya fizi. Ena amabwereradi nayo, koma ena sabwereranso m'kalasi, ndipo maenje amagumuka, komanso mankhwala a mekyule amene amagwirira golide amawononga thupi pang'onopang'ono. Kholo limene likulephera fizi silingadzudzulidwe mophweka. Komabe mwezi wa Ogasiti ndi umene mabanja ambiri amataya ana a sukulu, ndipo amalume ndi azakhali obwera kudzacheza kuchokera m'tauni ayenera kufunsa kumene mnyamata wa pakhomopo akuswera.

Nkhawa yaikulu ndi ya mapepala. Lamulo la unzika litasinthidwa mu 2001, anthu ambiri obadwira ku Zimbabwe kwa makolo obwera anapezeka kuti si nzika za dziko lililonse. Malamulo a mu 2013, pa gawo 43, ananena kuti wobadwira m'dzikomo malamulowo asanayambe kugwira ntchito, amene kholo lake linali nzika ya dziko la m'bungwe la SADC, ndipo iye amakhala ku Zimbabwe, ndi nzika mwa kubadwa. Ufuluwo ulipo, koma umafuna kuti munthu apite ku ofesi ya kalembera ndi umboni. Agogo akakhala opanda chitupa, mayi amavutika kupeza kalata yakubadwa, ndipo mwana naye amatengera vutolo mpaka pa nthawi yolembetsa mayeso ndi yofuna ntchito. Lipoti la Amnesty International la mu 2021 linasonyeza kuti zidzukulu za antchito obwera zili m'gulu la anthu amene akuvutikabe motere. Tchuthi, pamene ana ali pakhomo ndipo achibale amene angachitire umboni asonkhana, ndi nthawi yabwino yoyendera nkhaniyi. Ulendo wa ku ofesi umadya ndalama ya basi ndi tsiku la ganyu, koma ukazengerezedwa umadzadya tsogolo la mwana.

Kwa inu owerenga a ku Malawi, ku Chipata ndi ku Angonia, m'mabanja ambiri muli dzina la munthu amene anapita ku Salisbury, Harare wa lero, osabwerako. Mwina zidzukulu zake zili m'komboni ina ya ku Shamva, zikudziwa mfunda wawo ndi dzina la boma, koma osadziwa mudzi kapena mfumu. Funsani okalamba a kwanu akadali moyo kuti munthuyo anali yani, ananyamuka liti, ndipo kalata yake yomaliza inachokera pa famu kapena mgodi uti. Lembani zimenezo, ndipo muzitumize kudzera m'mipingo, m'misikiti ndi kwa amalonda amene amayenda pa msewu wa Mwanza ndi Nyamapanda. Inunso a ku Shamva, tchuthi chino musalole agogo kuti anene nthano zokha. Afunseni dzina la mudzi, la mfumu ndi la mtsinje wa kwawo, ndipo mwana amene amalemba bwino alembe m'kope.